Luso la pa mulu wa chimato

Wodziwa kupanga manyowa a chimato mumamuzindikira pa kathiridwe ka madzi. Sakhuthula chidebe chonse nthawi imodzi ayi. Amawaza ndi dzanja, kenako n'kutapa zinyalala zodzaza chikhatho, n'kufinya. Madzi akachucha m'zala ndiye kuti wachulutsa, muluwo udzangonunkha osapsa. Zikayoyoka pofunyulula dzanja, zauma. Iye amafuna zigwirane, chikhatho chingotsala chachinyezi.

Pansi amayika njerwa kapena miyala, n'kuyalapo timitengo kuti mpweya uzilowa, pakati n'kuimika mtengo. Ndiye kusanja: mapesi oduladula, masamba aawisi a deliya, ndowe za m'khola, phulusa pang'ono, dothi lakuda, n'kubwereza mpaka mulu ufike m'chifuwa. Kuduladula mapesiko ndi kumene aulesi amazemba, chonsecho phesi lolowa lathunthu limatulukanso lathunthu. Akatha amamata mulu wonse ndi dothi, bwinobwino ngati akumata nkhokwe, ndipo pozula mtengo uja pamatsala chibowo chopumira.

Pakapita masiku angapo amapisamo kamtengo. Kakatuluka kotentha, amamwetulira. Kutenthako kumapha njere za udzu komanso tizilombo tambiri ta m'ndowe, ndipo wodya ndiwo amatetezedwa pomwepa, mbewu isanafesedwe n'komwe. Ndowe zaziwisi pa bedi la repu zitha kutsegula m'mimba banja lonse ngakhale pabedipo sipanagwe feteleza. Mlimi waluso amadikira miyezi iwiri kapena itatu, kufikira manyowa atada, atafumbutuka, akununkhira dothi la m'nkhalango.

Nanga ndiwo zolimidwa ndi manyowa popanda mankhwala zili ndi thanzi loposa zinzake? Mu 2012 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anaunika kafukufuku 237, ndipo pa mavitamini sanapeze kusiyana kwenikweni. Chimene chinaonekera n'chakuti zolimidwa popanda mankhwala sizipezeka kawirikawiri ndi zotsalira za mankhwala ophera tizilombo. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi yunivesite ya Newcastle linapeza kuti mbewu zotere zimakhala ndi poizoni wa cadmium wochepa. Choncho amene akulonjezani kuti tomato wa manyowa achiritsa nthenda akungokutsatsani malonda. Mayi amene amadutsa mabenchi atatu pamsika kulondola wogulitsa mmodzi ali ndi chifukwa china: anaonapo tomato ali mbuu ndi mankhwala a Dithane, ndipo palibe amene angamuuze kuti anapopera liti. Pamsika wathu ndiwo sizikhala ndi chizindikiro. Mayiyo akugula kwa munthu amene dimba lake amalidziwa.

Dimba lotero limalira maso. M'mawa uliwonse mwini wake amatembenuza masamba kusuzumira kunsi, kumene nsabwe zimayambira. Akazipeza zidakali pa tsamba limodzi amangozifikisa ndi chala. Zikachuluka amasinja masamba a nimu kapena mthuthu, n'kuviika usiku wonse, n'kusefa, n'kuthiramo sopo pang'ono kuti madziwo amatirire, n'kupopera dzuwa litapendeka. Mthuthuwo si wosewera nawo, paja umapha nsomba, ndiye wodziwa satsukira chidebe chake kumtsinje. Kabichi sabwerera pa bedi lomwe wachokapo; pamalowa nyemba kapena anyezi.

Chitsanzo cha ulimi wotere ndi ku Dowa, kumene Glyvyns Chinkhuntha anayamba Tikondwe Freedom Gardens mu 1982 pa dambo lomwe ena ankaliona lopanda ntchito. Anakumba ngalande kuti madzi aziyenda okha potsata kutsetsereka kwa malo, nthaka n'kumaidyetsa manyowa, mpaka anthu ophunzira zaulimi anayamba kupita kukaphunzira kwa iye.

Ntchito yonseyi ndi imene imakweza mtengo wa ndiwo zotere, ndipo ndiwozo sizikhala zosalala nthawi zonse. Mpiru umabwera ndi timabowo tiwiri titatu. Ogula ena amaukankhira pambali, ena amayamba kufunafuna womwewo.