Kazitape Wolema ndi Mdima Umene Anauvala

Pamene kampani ya Criterion inatulutsa pa DVD m'chaka cha 2008, ndiponso pa Blu-ray mu 2013, filimu ya a Martin Ritt yotchedwa The Spy Who Came in from the Cold, imene inaonetsedwa koyamba mu 1965, inaika m'manja mwa munthu wokhala pa mpando wa m'nyumba mwake mphamvu imene oonera a masiku akalewo analibe, ndiyo mphamvu yoimitsa chithunzi, kubwerera m'mbuyo, ndi kupenyetsetsa nkhope ya wonama pa nthawi imene bodza likali m'kamwa mwake. Mafilimu ambiri a ukazitape sapirira kuyesedwa kotere, pakuti chinsinsi chawo chikangoululika kukoma kwawo konse kwatha. Koma iyi, ine ndikuti, imayamba kulemera pa kuionera kwachiwiri, ndipo m'menemo ndi mmene muli luso lake.

Buku limene nkhaniyi inachokera analilemba a John le Carré, ndipo linatuluka mu 1963, khoma la Berlin litangoima zaka ziwiri. Masiku amenewo dziko linali litatengeka mtima ndi James Bond, wa suti yosalala ndi galimoto yolavula zipolopolo, kotero kuti anthu ankayesa ukazitape ntchito ya ulemerero, osakumbuka kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chodabwitsa n'chakuti a Paul Dehn, amene pamodzi ndi a Guy Trosper anakonza mawu a filimu yathuyi, ndi omwewo amene anathandiza kulemba Goldfinger chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Ndipo a Bernard Lee, amene onse ankawadziwa monga M, bwana wa Bond, pano aima kuseri kwa kauntala ya golosale, namenyedwa ndi chidakwa chofuna kutenga katundu pa ngongole.

Koma tiyambe ndi chimene diso liona. A Oswald Morris, mmisiri wogwira kamera, anajambula filimuyi mosaika mitundu pa nthawi imene mitundu inali itayamba kulanda msika, ndipo sanatsate njira yapafupi ya kugundanitsa kuda kwa bii ndi kuyera kwa mbee monga ankachitira ojambula nkhani za zigawenga. Iwo anakhazikika pakati, pa kutuwa kwa mitundumitundu, kwa jekete la mvula lonyowa, kwa makoma a laibulale yosauka ya ku London, kwa thambo la kugombe la Holland limene silisiyana ndi nyanja yake. Chipata cha Checkpoint Charlie, pamene Alec Leamas, kazitape wa Angerezi, adikira usiku wonse munthu wake wotsiriza namuona akuwomberedwa ali pa njinga, sichinajambulidwe ku Berlin ayi, chinamangidwa pa bwalo la Smithfield mu mzinda wa Dublin. Komabe miyala yonyowa ndi waya waminga pansi pa nyali zofooka zimanena zoona koposa malo enieniwo. Kutuwa kotereku ndiko kumayamba kufa pa tepi yakale ya vidiyo, pamene zonse zimasanduka phala limodzi, ndipo kungafenso m'manja mwa wokonza wachangu chopanda nzeru amene afuna kuyeretsa chithunzi chilichonse kuti chiwale. Chimbale chabwino ndi chimene chisiya mdima ukhale mdima, chikungotibwezera makwinya a pa nkhope ndi timadontho ta filimu yeniyeniyo; ndipo mwini nyumba amene akweza kuwala kwa wailesi yake ya kanema, poganiza kuti akuthandiza, adziwe kuti akupasula ndi chala chimodzi ntchito imene mmisiri anaivutikira miyezi.

Tsono bwererani ku chipinda cha Control, mkulu wa akazitape a ku London, amene a Cyril Cusack anamusewera ndi liwu lofatsa ndi ulemu wosefukira. Pa kuonera koyamba timamva zimene Leamas akumva: kuti adziyese wochotsedwa ntchito, chidakwa chowawidwa mtima, kuti a ku East Germany amugule, iye akawanamize kuti Mundt, mkulu wawo, amadya ndalama za Angerezi. Pa kuonera kwachiwiri tikudziwa kale kuti Mundt ndi munthu wa London ndithu, ndi kuti Leamas watumidwa monga Uriya Mhiti, amene ananyamula ndi dzanja lake kalata ya imfa yake yomwe. Ndipo pamenepo kudukiza kulikonse kwa a Cusack, kugwetsa maso kulikonse, kumasanduka umboni. Filimuyi sinatinamize paliponse. Inaika zonse poyera, ife n'kulephera kuziona, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

A Richard Burton, amene anasewera Leamas, anali ndi liwu lotha kudzaza nyumba ya zisudzo popanda chokuzira mawu, ndipo n'zodziwika kuti iwo ndi a Ritt sanamwerane madzi pa nthawi yojambula, kufikira a le Carré anaitanidwa ku Dublin kukakhala pambali pa wosewerayo. Kaya anakanganirana chiyani, chipatso chake chili pamaso pathu: liwu lija lamangidwa, latsitsidwa kufikira kukhosi, ndipo ntchito yonse yasiyidwira maso otopa ndi mapewa ogwa. Ndi munthu wosewera munthu amene akusewera chidakwa, pamene nayenso mowawo wamulowa kale m'mafupa, ndipo palibe angaloze pamene pathera chinyengo ndi pamene payambira choonadi. Mphoto ya Oscar chaka chimenecho inapita kwa a Lee Marvin. Koma a ku Britain, mwa BAFTA, anawaveka a Burton ulemu wowayenera.

Komabe mtima wa filimuyi ine ndimaupeza mwa Fiedler, wachiwiri wa Mundt, Myuda wochenjera ndi wokhulupirika ku chipani chake, amene a Oskar Werner anamupatsa kapu yachikopa, kumwetulira kwa mnyamata ndi chikhulupiriro chosagwedezeka. Pa bwalo la milandu lachinsinsi iye yekha ndiye akunena zoona za Mundt, ndipo choonadi chomwecho ndicho chimuphetsa. Imitsani chithunzi pamene Nan Perry, chibwenzi cha Leamas, alowetsedwa kudzachitira umboni, muone mmene kuzindikira kumayendera pa nkhope zawo.

Chilema chilipo, ndipo chimbale chimachionetsa poyera monga chionetsera zokoma. Nan wa a Claire Bloom analembedwa mopyapyala, woyera mtima koposa muyeso, kotero kuti timamumvera chisoni monga nsembe tisanamudziwe monga munthu. Ndiponso m'galimoto muja, pa ulendo wopita kukhoma, Leamas apatsidwa ulaliki wautali wonena za uve wa akazitape, umene ambiri amautama ndi kuubwereza. Koma kwa ine ndi pokhapo pamene a Ritt anakayikira oonera awo, nalola a Burton amasule liwu lija kuti atifotokozere ndi mawu zimene kamera ya a Morris inali itatha kale kutionetsa kuyambira pa chipata cha ku Smithfield.