Chipewa cha Jane Timoney

Mukafunsa amene anaonerako Prime Suspect ya ku America, ambiri amayamba ndi chipewa. Maria Bello, posewera ngati Jane Timoney, wapolisi wofufuza milandu yakupha ku New York, ankavala kachipewa kamlomo ngati ka azibambo akale, ndipo olemba ndemanga anakatafuna kuposa milandu imene mayiyu ankafufuza. Seweroli linayamba pa NBC mu Sepitembala 2011. Pofika Januwale 2012 linali litatha, magawo 13 okha.

Ine chipewacho sindichiimba mlandu. Chimene chinapha seweroli ndi wotchi.

Gwero lake ndi sewero la ku Britain la mu 1991, lolembedwa ndi Lynda La Plante, mmene Helen Mirren anali Jane Tennison. Kumeneko mlandu umodzi, wa George Marlow, unadya maola oposa atatu. Tennison akuulandira chifukwa mkulu amene ankaufufuza wagwa n'kufa ndi mtima, ndipo anyamata a malemuyo sakumufuna. Koma taonani mmene tsankholo likuyendera. Bill Otley, mmodzi wa anyamatawo, akubisa zina zokhudza mlanduwo kuti ateteze mbiri ya mnzake womwalirayo. Tennison akalowa m'chipinda, nkhope zimauma. Iye n'kuyatsa ndudu ina. Kunyumba nako chibwenzi chikuzirala pang'onopang'ono mpaka mwamunayo kunyamula katundu. Woonera amatopa naye limodzi, ndipo kutopako ndiye nkhani yake. Kusalidwa pantchito kumadya munthu ngati chiswe, mosamveka, ndipo pamafunika nthawi kuti uone mtengo ukufumbutuka.

NBC inalibe nthawi imeneyo. Gawo lililonse linali mphindi makumi anayi ndi zingapo, lodukizadukiza ndi otsatsa malonda, ndipo wakupha ankayenera kugwidwa anthu asanakagone. Choncho zimene Otley ankachita mobisa, anzake a Timoney anazinena poyera m'gawo loyamba lomwe: kumunyoza m'maso, kumunena kuti udindo anaupezera pamphasa. Mu 2011 izi zinamveka ngati za zaka makumi awiri zapitazo. Sikuti tsankho linali litatha ayi, linali litangophunzira ulemu.

Chowawa n'chakuti seweroli linayamba kukoma litasiya kutsanzira. M'magawo otsatira Timoney anakhala munthu payekha: wamwano, wosadziwa kupepesa, wolimbana ndi chibaba cha fodya, amene nthawi zina anzake ankadana naye pa zifukwa zomveka. Mkangano wake ndi wapolisi mnzake Reg Duffy, amene ankaseweredwa ndi Brían F. O'Byrne, unasanduka wa anthu awiri aliuma okakamizika kukwera galimoto imodzi. Bello ankadziwa kumvetsera pofunsa woganiziridwa mlandu: amakhala duu, kutafuna chingamu, kumusiya munthuyo adzikole yekha.

Koma dzina lobwerekalo linali litamuika kale pasikelo ndi Mirren, amene anamusenza Tennison kuchokera mu 1991 mpaka 2006. Bello anapatsidwa miyezi inayi.