Mtengo umene sulola kukhala kumbuyo kwa chithunzi

Ojambula ambiri amapenta pa nsalu yoyera, yosalala. Michael Armitage, wobadwira ku Nairobi mu 1984, amapenta pa lubugo, nsalu ya khungwa imene Abaganda a ku Uganda amapanga kuchokera ku mutuba, mtengo wa mtundu wa kachere. Kuno timaidziwa kuti chiwondo, chovala cha makolo athu nsalu za thonje zisanachuluke. Amasenda khungwa, nalimenya ndi nyundo zamtengo mpaka litafewa n'kutambasuka, ndipo thunthu amalikulunga ndi masamba a nthochi kuti limere khungwa lina. Mtengowo sufa. Abaganda amakulungiramo maliro.

Nsaluyi ili ndi mabowo, misoko ndi mabampu, ndipo Armitage sazibisa. Mphamvu ya ntchito yake yagona apa. Pa zithunzi zambiri za chilengedwe, kuphatikizapo za m'mabuku amene mumaphunzitsira, mtengo ndi chokongoletsa chabe, umaima kumbuyo anthu akuchita zawo. Kwa Armitage mtengo ndiwo wanyamula penti yense. Diso likafuna kuthamanga limapunthwa pa bowo, n'kukumbuka kuti likuyang'ana khungu la chamoyo.

Taonani The Fourth Estate, cha mu 2017. Anachijambula ataona msonkhano wa ndale ku Uhuru Park mu Nairobi, nthawi ya chisankho. Anthu akhala mondondozana pa nthambi ya mtengo ngati mbalame, ndipo pa mbendera yawo pali chule. Poyamba umaona mtengo, kenako anthu, kenako sudziwanso ngati ukuona msonkhano kapena maloto. Chithunzichi sichinena kuti tisamale mitengo. Chimangoonetsa anthu atapachika ziyembekezo zawo zonse pa nthambi imodzi.

Sindikhutira nazo zonse. Mitundu yake, yobiriwira mofewa ndi yofiirira ngati kulowa kwa dzuwa, nthawi zina imakoma mopitirira, mwakuti woonera ku London, kumene Royal Academy inaonetsa ntchito zake mu 2021, akhoza kutuluka atangoona Africa wokongola amene ankamuyembekezera kale. Armitage amati akutsutsa kaonedwe kameneka, koma sapambana paliponse. Palinso vuto lathu: ife tidzaziona pa foni, ndipo foni imasalaza zonse. Mabowo amaoneka ngati timadontho.

Komabe, aphunzitsi a ku Angónia kapena ku Lago, chithunzichi chili ndi ntchito m'kalasi mwanu. Mwana akafunsidwa m'Chipwitikizi chimene akuona, kawirikawiri amayankha kuti árvore, n'kukhala chete, chifukwa ndi liwu lokhalo limene buku linamupatsa. Mukamufunsa m'Chinyanja amayamba kukangana ndi mnzake: kodi ndi kachere, mkuyu kapena mthethe? Kuti apambane mkanganowo ayenera kubwerera ku chithunzi, kukayang'ana mmene nthambi yapindikira ndiponso ngati ingapirire anthu onsewo.