Kasingano ka m'kati mwa Olympus Trip 35

Tembenuzani Olympus Trip 35 uku ndi uku kufuna poika batire, simupapeza. Kampani ya Olympus ya ku Japan inayamba kupanga kamerayi mu 1967 n'kuileka mu 1984, itagulitsa oposa 10 miliyoni, ndipo mwa onsewo palibe inafunapo batire. Ku Britain ankaitsatsa pa TV ndi katswiri wojambula David Bailey, koma eni ake enieni anali anthu wamba, oitenga popita kutchuthi n'kuiponya m'chikwama pamodzi ndi zovala. Ambiri mwa makamera amenewa akujambulabe.

Nkhani yagona pa mkombero wozungulira lenzi, wa timatuza tapulasitiki toonekera m'kati. Kuseri kwa timatuzato kuli selenium, imene ikaombedwa ndi kuwala imatulutsa magetsi ochepetsetsa. Magetsiwo sangayatse ngakhale kababu ka tochi, koma ndi okwanira kusuntha kasingano kopyapyala kobisika kumtunda kwa kamera. Kunja kukawala kwambiri kasinganoko kamapita patali, kukachita mthunzi kamangosendera pang'ono.

Apa m'pamene ine ndimawavulira chipewa amisiri amene anakonza makinawa. Mukayamba kudina batani, kachitsulo kamanyamuka n'kupana kasingano kaja pomwe kaima, ngati msampha wagwira mbewa. Kachitsulo kena kosemedwa masitepe kamakwera mpaka kukagunda kasingano kopanidwako, ndipo sitepe imene yagunda ndiyo imalamula kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala, komanso liwiro la shata. Maliwiro ake ndi awiri okha, 1/200 ndi 1/40 ya sekondi. Mphamvu yonse yoyendetsera tizitsulo timeneti ikuchokera m'chala chanu. Dzuwa ntchito yake n'kuloza basi. Kuwala kukapereweratu, kambendera kofiira kamatumphukira m'kagalasi kosuzumira ndipo batani limakana kutsika. Filimu ndi yodula, ndiye kukana kumeneku ndi chifundo.

Amene wakhala nayo zaka amafika poumva msamphawo m'chala. Amadziwa kuti batani likafika pakati, kasingano kagwidwa kale. Choncho pojambula munthu amene wakhala pakhonde, kumbuyo kwake kukuwala phwee, amayamba waloza kamera pansi pamthunzi, n'kudina theka, kenako n'kuidzutsa osasiya batani. Nkhope imatuluka bwino m'malo moda bii. Palibe batani lapadera lochitira zimenezi. Zinangobadwa m'kapangidwe ka makinawo, ndipo mwini wake amazitulukira pakutha pa nthawi.

Lenzi yake sichoka ndipo sikoka zinthu zakutali. Ndi D. Zuiko ya 40mm f/2.8, ya magalasi anayi, yakuthwa moti tsitsi la munthu limawerengeka. Mukafuna kuti munthu akule m'chithunzi, muyenera kumuyandikira, ndipo simungamuyandikire munthu chonchi osayamba mwamupatsa moni. N'chifukwa chake zithunzi za kamera iyi zimakhala za anthu amene akudziwa kuti mulipo ndipo avomera. Pakapita zaka, diso limazolowera malire a lenziyo. Mumaima pamalo oyenera kamera isanafike n'kumaso komwe.

Poyeza mtunda anaikapo tizithunzi tinayi pa mkombero wa lenzi: munthu mmodzi wa mutu ndi mapewa, anthu awiri, kagulu ka anthu, ndi phiri. Kunsi kwake kuli manambala a mamita, 1, 1.5, 3, kenako kutali kopanda malire. Mkomberowo umalira kuti "ke" pa kachithunzi kalikonse, moti mutha kuusintha kamera ili m'manja osaiyang'ana. Ndipo pakona ya kagalasi kosuzumira anabowola kawindo kena kakang'ono kokuonetsani kachithunzi kamene mwasankha, kuti musajambule phiri mukuganiza kuti mukujambula agogo. Kawindo kameneka n'kochepa kwambiri, koma amene anakaganiza ankadziwa kuiwala kwa munthu.

Kukalamba imakalamba, ndipo ukalamba wake ndi wodziwika. Siponji yakuda yotchinga kuwala m'mphepete mwa chitseko cha filimu imasungunuka n'kumamata zala. Mumaipala ndi kamtengo n'kumatapo ina, ena amagwiritsa ntchito ulusi wakuda wolukira majuzi. Timasamba tiwiri ta kabowo ka kuwala timatha kumatirira ndi mafuta akale, ndipo mmisiri wodekha amatitsuka osasintha chitsulo chilichonse. Chikopa chakunja chimakakatuka m'makona. M'nyengo ya mvula nkhungu imakonda kumera m'magalasi ngati kamera yasungidwa ponyowa. Zonsezi zimakonzeka ndi sikuludilaiva yaing'ono ndi mtima wofatsa, chifukwa m'kati mulibe kompyuta yoti ikafa n'kufa nazo zonse.

Chofunika kuchisamala koposa ndi selenium ija. Imatopa ikamakhalira pa kuwala ndi pa chinyontho, motero mwini wake wanzeru amabwezerapo chivundikiro akangomaliza kujambula. Kuiyesa n'kosavuta. Ikani mkombero wosinthira kabowo ka kuwala pa chilembo A, kokerani filimu, phimbani lenzi ndi chikhatho, dinani: kambendera kofiira kayenera kudzuka. Kenako lozani kamera pawindo, dinani theka, muone kabowo m'kati mwa lenzi kakutseguka pang'ono chabe poyerekeza ndi pamthunzi. Zikatero ndiye kuti kasingano kakuyendabe monga kankayendera kamerayo ikutuluka m'fakitale.

Ngakhale selenium itafa, kamerayi siitayidwa. Mukachotsa mkombero pa A n'kuuika pa manambala amene anawakonzera fulashi, kuyambira 2.8 mpaka 22, shata imatsegula pa 1/40 ndipo kukula kwa kabowo mumasankha nokha poyang'ana mmene kunja kwawalira. Eni ake akale amachita zomwezi madzulo kambendera kakayamba kukana: amaika pa 2.8, n'kutsamira khoma kuti manja asanjenjemere, n'kujambula.