Aphunzitsi Aweruka: Kuthokoza a Nicholas Zakaria

Uthenga wa imfa ya a Nicholas Zakaria unandipeza mu Disembala 2025 ndili pakompyuta, ndikulimbana ndi chikalata chimene ndinkamasulira. Ndinasiya ntchitoyo n'kuimbira foni bambo anga ku Imbeza. Sanatalikitse nkhani. Anangoti, "Ndamva kale, mwana wanga. Aphunzitsi aweruka."

Imbeza ndi chigwa cha mitengo ya paini ndi bulugamu kumpoto kwa Mutare, pafupi ndi Penhalonga, kufupi ndi malire a Mozambique. Alendo amachidziwa chifukwa cha La Rochelle, nyumba ndi munda wa maluwa umene banja la Courtauld linasiya. Ife tinkachidziwa chifukwa cha komboni. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzakumba golide ku Penhalonga, ndipo bambo anga anakalambira pamakina ochekera matabwa. M'nyumba tinkalankhula Chichewa, koma tikangotuluka pakhomo tinkatembenukira ku Chimanyika. Kusukulu anzathu ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, mzinda umene ambiri a ife tinali tisanaupondepo.

A Zakaria anali mwana wa komboni ngati ife. Anabadwa mu 1956 pafamu ina ku Mazowe, bambo awo atachokera ku Malawi. Mu 1984 anayambitsa gulu la Khiama Boys, limene linaphunzitsa oimba amene anadzatchuka kwambiri, monga System Tazvida ndi Alick Macheso. N'chifukwa chake anthu anawapatsa dzina lakuti Senior Lecturer, mphunzitsi wamkulu, pambali pa lija lakuti Madzibaba, limene analitengera ku mpingo wawo wa Apositoli.

Amene sanazolowere sungura amati nyimbo zake zonse n'zofanana. Ndi nyimbo za gitala zitatu, ya lidi, ya rizimu ndi ya besi, zolukana pamwamba pa ng'oma yothamanga, ndipo mizu yake ili ku rumba ya ku Congo ndi kanindo wa ku Kenya. Koma khutu lozolowera limamuzindikira woimba aliyense mawu asanayambe. Gitala ya a Zakaria inali yoyera, yopanda phokoso lowonjezera. Ankagwira kachidutswa kakafupi n'kukabwereza, kukasintha pang'onopang'ono, moti pofika pakati pa nyimbo umapezeka kuti wafika kutali osadziwa kuti unakhota pati. Ndinawaonerapo kamodzi kokha, m'holo ina ku Sakubva, nditapita ndi bambo anga. Anyamata ovina ankathyoka m'chiuno patsogolo, koma iwo anaima chilili, mutu wampala, ndevu zili pachifuwa, maso ali pazala. Bambo anga nawo sanavine. Ankangogwedeza mutu ngati munthu womvetsera mlandu pabwalo.

Imfa yawo sinali nthawi yoyamba kuti a Zakaria achoke pamaso pa owakonda. Cha m'ma 1997 anaika gitala pansi n'kuyamba kuyendetsa magalimoto akuluakulu onyamula katundu. Ine ndinali mwana, koma ndikukumbukira kuti bambo anga sanadandaule. Ankati munthu wa banja amapita kumene kuli ufa. Nthawi imeneyo ndi imene Macheso anayambitsa gulu lake la Orchestra Mberikwazvo, ndipo mu 2000 chimbale chake cha Simbaradzo chinagwedeza dziko lonse. Aphunzitsi atabwerera, anapeza wophunzira wawo atawapitirira kutchuka. Sanayese kuthamanga naye mpikisano wa magule kapena wa besi. Anapitiriza kuimba monga ankaimbira kale, ndipo m'menemo ndimaonamo kukhwima kumene oimba ambiri alibe.

Kuthokoza sikutanthauza kutseka makutu. Zimbale zawo zina za kumapeto zimafanana kwambiri, ndipo nyimbo zina zimatalika kupitirira zimene zili nazo zoti zinene. Dzina la uphunzitsi linali ndi mtolo wake: nthawi zambiri ankalangiza m'malo mofotokoza nkhani, moti womvera amatha kumva ngati ali pabenchi la tchalitchi. Amene akufuna nthabwala za Tazvida kapena ukali wa besi ya Macheso sazipeza kwa iwo.

Chimene ndimawathokozera n'china. A Zakaria ankaimba m'Chichewa pakati pa nyimbo zawo za Chishona, popanda kupepesa ndiponso popanda kuchisandutsa choseketsa. M'masewero ambiri amene ndinaonera ndili mwana, Mmalawi ankakhala wantchito wa m'munda wolankhula mopotoka kuti anthu aseke. Koma m'nyimbo za Khiama Boys Chichewa chinkanyamula nkhani zolemera: umasiye, miseche, ukwati, imfa. Ndipo anthu amene ankatiseka kusukulu aja ankaziimba m'makombi, osadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Kulemera kwa zimenezi kumaoneka munthu akakumbukira nyengo yake. Kuyambira mu 2000, mafamu atayamba kulandidwa, antchito ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anataya ntchito ndi pogona pomwe, popeza analibe mudzi wobwererako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo anapezeka kuti ndi alendo pachitupa. Zinatenga mpaka 2013 kuti malamulo oyendetsera dziko atsopano abwezere unzika kwa ana a makolo ochokera m'mayiko a SADC, n'kuika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Malamulo asanatero, gitala inali itatilembetsa kale. Pa zaka zimene anthu ena ankabisa mayina a makolo awo, nyimbo ya Macheso ya Mundikumbuke ndi ya a Zakaria ya Zomvelamvela zinkalira m'mabala ndi m'maukwati.

Pa nyimbo yachiwiriyi ndili ndi mlandu woti ndiulule. Nditamaliza maphunziro anga a zomasulira, ndinayamba kumva Chichewa cha a Zakaria ndi khutu la wochonga mayeso. Malamulo a kalembedwe a ku Malawi amati pambuyo pa e ndi i pabwere r, choncho mutuwo unayenera kulembedwa Zomveramvera. M'nyimbo zina ndinkamva kamvekedwe ka Chishona kakuloŵerera m'mawu athu. Tsiku lina ndinawauza bambo anga kuti Madzibaba salankhula Chichewa chenicheni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Nanga ine ndimalankhula chiyani?"

Ndinasowa choyankha. Chichewa cha a Zakaria ndi chimene ndinayamwira, chimene chinakulira m'makomboni a ku Mazowe, Shamva ndi Penhalonga, kutali ndi Lilongwe ndi mabuku ake. Chili ndi mibadwo itatu kapena inayi ya mbiri yakeyake, ndipo n'chochepa kwambiri chimene chinalembedwapo. Amene adzafune kudziwa mmene Achewa a ku Zimbabwe ankalankhulira adzayenera kumvetsera makaseti a sungura. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamamasulira mawu a munthu wa kukomboni, sindithamangiranso kuwawongola kuti afanane ndi a pawailesi ya MBC.

Pa Khirisimasi ndinapita ku Imbeza. Wailesi ya kaseti ija inafa kalekale, choncho bambo anga tsopano amamvera nyimbo pafoni yaing'ono imene amaika m'kapu kuti mawu akule. Tinakhala pakhonde madzulo, fungo la utuchi likuchokera kumunsi kwa chigwa. Nyimbo itafika pamene gitala imatsala yokha, anakweza chala kuti ndisalankhule. Itatha anavula chipewa, n'kunena mawu amene timauza munthu woweruka kumunda: "Mwagwira ntchito, Madzibaba. Zikomo." Kenako anandipatsa foniyo kuti ndiwabwezerenso nyimboyo poyambira.