Mabuku Opambana a Nthano za Zosatheka: Tiyeze ndi Mlingo Uti?

M'gulu la nthano zazitali muli mitundu iŵiri imene imakamba za zinthu zimene sizinaonekepo pa dziko lino. Mtundu woyamba, umene Angerezi amautcha science fiction, umatenga nzeru za sayansi n'kufunsa kuti moyo wa munthu udzakhala wotani nzeruzo zikadzafika patali. Wachiŵiri, wotchedwa fantasy, umamanga dziko limene matsenga, mizimu ndi zilombo zoyankhula zili ndi mphamvu yeniyeni. Kaŵirikaŵiri magazini ndi nyumba zoulutsira mawu zimafalitsa mndandanda wa mabuku opambana a mitundu imeneyi, ndipo mndandanda uliwonse umabutsa mkangano. Mkanganowu si wachabe, pakuti woyang'anira laibulale amene ali ndi ndalama zokwana mabuku khumi okha amadalira mndandanda wotere, ndipo buku losiyidwa limatha kuiŵalika.

Tiyeni tione njira ziŵiri zimene zakhala zikugwiritsidwa ntchito posankha. M'chaka cha 2011 nyumba ya wailesi ya NPR ku America inapempha omvera ake kuti aponye mavoti. Anaponyedwa mavoti opitirira 60,000, ndipo mwa mabuku 100 osankhidwa, The Lord of the Rings ya J.R.R. Tolkien inatsogola, kenaka The Hitchhiker's Guide to the Galaxy, Ender's Game ndi Dune. Koma Octavia Butler, mayi wachikuda wa ku America komweko yemwe ndi katswiri wa nthano zotere, sanapezekepo. Mavoti amaŵerenga kutchuka kwa buku pakati pa ovotawo. Munthu savotera buku limene sanaliŵerenge.

M'chaka cha 2020 magazini ya Time inatsata njira ina posankha mabuku 100 a nthano zamatsenga. Inathandizidwa ndi alembi otchuka 8, monga George R.R. Martin, N.K. Jemisin, Marlon James ndi Tomi Adeyemi. Khomo linatseguka, moti Amos Tutuola ndi Nnedi Okorafor analoŵa. Komabe aliyense wa alembi 8 aja anali ndi buku lake pamndandandapo. Buku lachiŵiri la Adeyemi, Children of Virtue and Vengeance, linali lisanathe ndi chaka chomwe chitulukire, pamene The Hobbit ya 1937, imene makolo akhala akusiyira ana awo, inatsala kunja. Buku lakhanda silingatchedwe lopambana pa nthaŵi zonse oŵerenga asanakhale nalo zaka zingapo. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Popeza kuchuluka kwa mavoti ndi kutchuka kwa oŵeruza n'kosakwanira, mlingo tiufune m'nthano mwenimwenimo. Mlingowo uli ndi mafunso aŵiri. Loyamba: kodi titachotsa chinthu chosathekacho, nkhaniyo ingaimebe? Ngati ingaime, ndiye kuti chodabwitsacho chinali chokongoletsera chabe. Lachiŵiri: kodi chodabwitsacho chikumulipiritsa chiyani mtengambali wamkulu? Matsenga opeputsa mavuto onse amapha nkhani, chifukwa woŵerenga sakhalanso ndi chodera nkhaŵa.

Frankenstein ya Mary Shelley, ya m'chaka cha 1818, imayankha bwino mafunso onse aŵiri. Victor Frankenstein akupanga chamoyo ndi nzeru zake, koma atachiona akuchithaŵa. Chamoyocho, posoŵa wochikonda, chikupha mng'ono wake, bwenzi lake ndi mkwatibwi wake. Popanda chamoyocho palibe nkhani, ndipo funso la udindo wa munthu pa zimene wapanga likanali lamoyo m'masiku ano a makina oyankhula. Tolkien nayenso akuyenera malo ake, ngakhale mavoti atachotsedwa. Frodo atafika pa phiri lamoto akulephera kuponya mphete, akuti ndi yake. Mpheteyo ikuwonongeka chifukwa cha umbombo wa Gollum, amene akumuluma chala n'kugwa nayo m'moto. Frodo akubwerera kwawo wopambana, koma mtendere sakuupezanso. Mu Dune ya Frank Herbert, ya 1965, Paul Atreides akulanda ufumu akudziŵa kale kuti kupambana kwake kudzabala nkhondo yopha miyandamiyanda.

Tikayeza ndi mlingo womwewo, kusiyidwa kwa Kindred ya Butler, ya 1979, n'kulakwa koonekeratu. Dana, mayi wachikuda wa mu 1976, akukokedwa mobwerezabwereza kunka ku Maryland wa m'nthaŵi ya ukapolo kuti akapulumutse Rufus, mwana wa mwini akapolo. Rufusyo ndi kholo lake la Dana, choncho akafa msanga Dana sadzabadwa. Pomaliza Dana akubwerera wopanda mkono umodzi. Ena amati bukuli si la sayansi chifukwa mlembi safotokoza makina oyendera m'nthaŵi. Mawu ameneŵa ndi ofooka, pakuti nthano siyezedwa ndi zitsulo zimene zilimo. Ulendo wosathekawo ndiwo ukuchititsa kuti munthu wa lero alaŵe ukapolo ndi thupi lake.

Mlandu wovutirapo ndi wa The Palm-Wine Drinkard ya Tutuola wa ku Nigeria, yosindikizidwa ku London mu 1952. Chidakwa cha uchema chikupita ku mudzi wa akufa kukafuna wantchito wake amene anagwa mumtengo wa kanjedza. Panjira pali mwamuna wokongola amene akubweza ziŵalo zimene anabwereka, chimodzichimodzi, mpaka kutsala chigaza chokha. Ophunzira ena a ku Nigeria ananyoza Chingerezi cha bukuli nati Tutuola anangotola nthano za Ayoruba. Koma Tolkien nayenso anatola m'nthano zakale za kumpoto kwa Ulaya, ndipo palibe amene amamuchotsera ulemu pa chifukwa chimenecho. Chofooka chenicheni cha Tutuola chili pa funso lathu lachiŵiri: mtengambali wake amadzisandutsa mosavuta akapanikizika, ndipo zochitika zimangotsatana ngati mikanda. Mphamvu yake ili pa mathero. Wakufayo akupezeka koma sangabwerere, chifukwa akufa ndi amoyo sakhalira pamodzi. Ulendo wonse uja ukuthera pa malire amene matsenga sangawadumphe. Pa chifukwa chimenechi bukuli liyenera kukhalapo.

Nanga mabuku a kuno kwathu? The Old Drift ya Namwali Serpell wa ku Zambia inalandira mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, ngakhale kuti mbali yaikulu ndi mbiri ya mabanja atatu ndipo za m'tsogolo zikuchuluka chakumapeto. Azotus the Kingdom ya Shadreck Chikoti wa ku Malaŵi, nkhani ya Africa wa zaka mazana m'tsogolo, inali m'gulu lomaliza la mphoto za Nommo mu 2017. Mabukuŵa asakanidwe chifukwa chosadziŵika kunja, komanso asaloŵetsedwe pongoti ndi athu. Kukomera buku chifukwa cha kumene mlembi anabadwira n'kubwereza cholakwa chimene tadzudzula pa mindandanda ya ena. Ayezedwe ndi mafunso aŵiri omwewo, ndipo apatsidwe zaka zokwanira monga tafunira pa buku la Adeyemi.

Mndandanda uli ndi ntchito yake: umaloza kumene kuli mabuku. Kuŵeruza kumatsalira woŵerenga. Wophunzira akakumana ndi mndandanda ayambe wafufuza amene anasankha ndi malamulo amene anatsata. Mwachitsanzo, a NPR anapatuliratu mabuku a achinyamata, n'chifukwa chake Harry Potter sanaoneke. Akatero atenge buku limodzi, aliŵerenge mpaka kumapeto, achotse chodabwitsacho m'maganizo mwake, aone ngati nkhaniyo yatsala chiimire. Ikagwa, ndipo mtengambali atalipira mtengo woŵaŵa, bukulo lili ndi chifukwa chokhalira pamndandanda.