Wolira Amene Sadaleke Kuitana: Tiŵerengenso Kabuku ka C. S. Lewis

M'chaka cha 1940, C. S. Lewis, mphunzitsi wa ku Oxford ndiponso mkhristu wa mpingo wa Anglican, adatulutsa buku lotchedwa The Problem of Pain. M'menemo adalongosola mwaluso chifukwa chimene Mulungu wabwino ndi wamphamvuzonse amalolera mavuto. Patapita zaka 20, pa 13 Julayi 1960, mkazi wake Joy Davidman adamwalira ndi khansa. Zimene Lewis adalemba m'makope anai pambuyo pa malirowo zidasindikizidwa mu 1961 m'kabuku ka A Grief Observed, pa dzina lobwereka la N. W. Clerk. Ife amene timalalika pamanda tiyenera kuŵerenga mabuku aŵiriŵa motsatizana, pakuti lachiŵiri likuyesa loyamba pamoto.

Chimene chimadzidzimutsa woŵerenga nchakuti Lewis sakukayika zoti Mulungu alipo. Mantha ake ngoti mwina Mulunguyo ngwankhanza. Akuti pamene adagogoda ali m'chisoni, adapeza chitseko chotsekedwa ndi mipiringidzo, m'katimo muli zii. Akuvomeranso kuti nkwapafupi kukhulupirira chingwe pamene ukungomangira katundu, koma kulimba kwake umakufunsa zenizeni tsiku limene walendeŵera nacho paphompho.

Wina anganene kuti apa chikhulupiriro chagwa. Ife tikuweruza mosiyana. Pa mutu 42 wa buku la Yobe, Mulungu akudzudzula abwenzi atatu aja amene ankamuikira kumbuyo, nanena kuti Yobe wodandaulayo ndiye adalankhula zoona. Salimo 88 likuthera mu mdima popanda mau achitonthozo, komabe Eklezia amalipemphera. Ambuye athu omwe, ali pamtanda, adafuula ndi mau oyamba a Salimo 22. Munthu amene akukangana ndi Mulungu sadaleke kulankhula naye, monga mwana wolira amene akumenya mai wake pachifuwa akadali m'manja mwa maiyo.

Mphamvu ya kabukuka ili pakuti mtendere sukubwera ndi mfundo yatsopano. M'maŵa wina, atagona tulo tabwino, Lewis akupeza kuti mtima wapepukako, ndipo akumkumbukira bwino mkazi wake kupambana masiku amene ankalira koopsa. Pang'onopang'ono akuzindikira kuti chimene chidagumuka ndi chithunzi chimene iye adadzipangira cha Mulungu, ndi kuti Mulungu mwini ndiye amaphwanya zithunzi zotere. Funso la chifukwa chake silikuyankhidwa, ndipo tikumtamanda posalikakamiza yankho.

Komabe kabukuka kali ndi zopereŵera ziŵiri. Choyamba nchakuti Lewis akufanizira Mulungu ndi dotolo amene sangaleke kucheka wodwala ngakhale alire chotani, popeza akufuna kumchiza. Fanizoli limuika Mulungu kumbali ya mpeni, pamene Uthenga Wabwino umuwonetsa kumbali ya bala. Mtanda ukutchulidwa, koma sukhala pakati pa nkhani. Chachiŵiri nchakuti chisoni chake nchayekha. Anzake akusoŵa chonena, ana aŵiri amasiye akuchita manyazi akamatchula mai wao, ndipo ngakhale pemphero lopempherera wakufayo likumkanika. Mpingo monga banja lolira limodzi sukuoneka kwenikweni. Apa kalata ya Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, Salvifici Doloris, ya pa 11 Febuluwale 1984, ikukwaniritsa chosoŵacho. Papa amene adaomberedwa ndi mfuti mu 1981 akuika zoŵaŵa za munthu m'kati mwa zoŵaŵa za Khristu, natikumbutsa za Msamariya wachifundo, amene adaima pambali pa wovulala.

Tisafulumire kudzitama kuti kwathu kuno namfedwa sakhala yekha. Nzoona kuti mudzi umagona pasiŵa, amai a Mphakati amaphika ndi kuimba usiku wonse, ndipo Misa imaperekedwa. Koma khamu lomwelo limene limlola wamasiye kubuma, silimlola kufunsa. Akangoyamba kudandaulira Mulungu, timamtseka pakamwa ndi mau akuti zonse nchifuniro chake. Abwenzi a Yobe adachita bwino masiku 7 aja amene adakhala naye pansi ali chete. Adayamba kulakwa pamene adatsekula pakamwa kuti afotokoze. Ndipo anthu akabalalika atameta, ndi pamene usiku wa Lewis umayamba m'nyumba ya wamasiye, popanda woumva.

Nchifukwa chake tikufuna kuti wophunzira zaunsembe aliyense aŵerenge kabukuka asanatsogolere maliro ake oyamba. Sadzapezamo ulaliki wokonzeratu. Adzaphunziramo kufupikitsa mau pamanda, kubwerera kunyumba yofedwayo patapita mwezi, ndi kukhala pamphasa mpaka wolirayo atatha kunena zonse zimene ali nazo pa Mulungu.